Ndinali Mawu a M'chombo cha Mwana Wanga

Chaka chimene mkazi wake anamwalira, mwana wanga wamwamuna anabwerera kuno kwathu ndi chikwama chimodzi cha zovala, njinga, ndi laputopu yomata ndi selotepi pakona. Ndi wachiwiri kubadwa mwa ana anga anayi, ndipo ndi yekhayo amene anapita patali ndi sukulu. Anakaphunzira za makompyuta ku Limbe, kenako anakwatira cha ku Mauwa, nakhala komweko pachikamwini monga timachitira kuno. Anaumba njerwa, anawotcha, anamanga nyumba ya zipinda ziwiri pamalo pa apongozi ake. Ankakonza mafoni pakamsika ka kumeneko. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, wamkazi.

Mkazi wake sanadwale nthawi yaitali. Tinamva kuti wagonekedwa, tinapita ndi phala m'botolo, ulendo wachiwiri tinapita ndi nsalu zamaliro.

Itakwana nthawi yosudzula, ndinapita ndi mchimwene wanga, amene anali nkhoswe ya banjalo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, ife pamphasa. Atsibweni a malemu analankhula bwino, sindinganame.

"Bambo, munatisungira bwino mwana wathu. Simunamumenyepo, simunamugonetse ndi njala. Lero takumasulani. Njira ndi yoyera. Mukafuna kukwatira kakwatireni, ife tilibe nanu chifukwa. Kamwanaka ndi kanu ndithu, muzibwera kudzakaona."

Tonse tinawomba m'manja. Mwana amatsala kuchikazi, zimenezo palibe amene sankazidziwa. Iye mwini anakulira pamalo panga, osati pa bambo ake. Koma kudziwa ndi kwina, kunyamula chikwama pamene mwana wako wa zaka zitatu akuseweretsa chitsononkho pakhonde la nyumba imene unamanga ndi kwinanso. Anathokoza, anagwada, anakankha njinga. Njira yonse sanakwere.

Ndinamupatsa chipinda chimene tinkasungiramo chimanga chichokereni bambo ake. Anasuntha matumba, anayala mphasa, anakwera padenga n'kumangirira sola yake. Basi, analowa.

Sankalira. Akadalira bwenzi ndikudziwa chochita. Ankadzuka, kusamba ndikamukumbutsa, kudya ndikamuikira, kunena kuti zikomo. Ndikafunsa ngati ndiwo zili ndi mchere ankati zili bwino, ngakhale tsiku limene ndinaiwala kuthira. Nanenso ndinali chimodzimodzi, kungoti ine ndinali ndi munda. Ndinkapemphera m'mawa uliwonse monga ndachitira kuyambira utsikana wanga, koma mawu ankangotuluka ngati ndikupeta gaga. Sindinasiye. Ndinkati Ambuye, inu mukumva ngakhale ine sindikumva.

Tsiku lina ndinalowa ndi tiyi ndi mbatata. Ndinapeza akuyang'ana pagalasi la laputopu, pamene panali chipinda choyera mbee, chopanda mphasa, chopanda zenera.

"Ndi filimu?"

"Ayi, amayi. Ndi gemu."

"Ngati bawo?"

"Pang'ono. Koma umasewera wekha."

Ndinakhala pathumba la chimanga, poti aka kanali koyamba kundiyankha mawu oposa awiri. Anandifotokozera kuti gemuyo anapanga ndi anthu ena akunja kalekale, ndipo anthu oikonda amaloledwa kumangamo zipinda zawozawo ndi kuikamo nkhani yawo. Chimenecho ankachitcha modi. Ankamanga ndi anzake atatu amene sanawaonepo ndi maso, a m'mayiko ena, ongolemberana pa intaneti. Palibe ankawalipira. Anayamba mkazi wake ali moyo.

Nkhani yake inali ya chombo chachikulu choyenda pakati pa nyenyezi, zaka zambirimbiri m'tsogolo. Anthu onse m'chombomo anagonekedwa m'mabokosi agalasi. Mmodzi yekha ndiye wadzuka. Kuti achoke m'chipinda china kulowa china, ayenera kutembenuza akalilole mpaka kuwala kochokera pakhoma kukagunde pachitseko. Kukagunda, chitseko chimatseguka. Chipinda chilichonse chimavuta kuposa chinzake.

"Ndiye wadzukayo ndi ndani?"

"Sakudziwa. Waiwala zonse."

"Ngakhale kwawo?"

"Ngakhale dzina."

"Anagwa?"

"Ayi. Zimayamba choncho basi. Nkhani zimenezi munthu amadzuka ataiwala."

"Zonse?"

"Pafupifupi zonse."

Kuyambira pamenepo ndikaweruka kumunda ndinkapita kukakhala pathumba paja ndi lichero langa, ndikusola nandolo. Sikuti gemuyo ndinaikonda. Akalilole aja ankandizunguza mutu. Koma mwana wanga ankalankhula akamaionetsa, ndiye ndinkafunsa chilichonse chimene chabwera m'kamwa.

Munthu wa m'chombo uja nkhope yake sinkaoneka, manja okha. Sankalankhulanso. Ndinati ameneyu ngwamwano, akulowa zipinda za eni osaodira. Mwana wanga anati amakhala osalankhula dala, kuti wosewerayo adziyese kuti ndi iyeyo. Pakhoma lina panali zolembalemba zokhotakhota, ngati za mwana wa sitandade wani. Anandiwerengera: usakhulupirire zimene ukuuzidwa.

"Walemba ndani?"

"Wina amene anadzuka kale iyeyu asanadzuke."

"Ali kuti?"

"Anafa."

"Wamuona?"

"Sitimuonetsa. Koma amakhala atafa nthawi zonse."

Panalinso zenera limodzi loonetsa dambo lobiriwira, udzu ukugwedezeka. Ndinati bola, kunja kulipo. Anati ayi, ndi chithunzi chabe, ukayandikira chimazima. Kenako kunabwera kamakina kakang'ono kotsimphina mwendo umodzi, kamene kankatsatira munthu uja ngati kagalu, kumamuunikira m'malo amdima. Ndinakayang'ana masiku angapo. Tsiku lina ndinati, "Kameneka kafa, eti?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Pakamwa pake panagwedezeka pang'ono, sikunali kuseka kwenikweni.

"Mwadziwa bwanji?"

"Mwakapanga kokondeka kwambiri. Nkhuku imene ana aipatsa dzina ndi imene imagwidwa ndi chitopa."

"Kafa m'chipinda chachisanu ndi chiwiri," anatero. "Mwayamba kuzidziwa, amayi."

Madzulo ake ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kugwedezeka kwa pakamwa kuja. Ndi zimene ndinali nazo.

Chinatsala ndi mawu. M'chombomo munayenera kukhala mawu ochokera m'khoma, a makina oyendetsa chombo, olangiza munthu uja pochita. Anzake aja anati Chingerezi chatopetsa, akufuna chilankhulo chimene osewera sanachimvepo, tanthauzo lizilembedwa m'munsi. Anafunanso mawu a mayi wachikulire. Mwana wanga anandiuza zimenezi akuyang'ana pansi, ngati akupempha mbuzi.

Ndinati, "Ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi. Ndikamawerenga ndimachita kuloza ndi chala."

"Simuwerenga. Ndizinena, inu muzibwereza."

Tinkajambula masana dzuwa lili paliwombo, nkhuku zitabisala pansi pa nkhokwe, chifukwa m'mawa atambala sankatipatsa mpata. Ankandifunditsa bulangete kumutu, foni ili m'manja, kuti mawu asamamveke ngati ndili m'chidebe. Unali mwezi wotentha. Ndinkatuluka m'bulangetemo thukuta lili chuchuchu. Mnzanga woyandikana naye nyumba anandipeza choncho tsiku lina, atabwera kudzabwereka sefa.

"Kodi asisi, mwayamba kufukiza? Akudwala ndani?"

"Ndili m'chombo," ndinatero.

"Mukafika mutitumizireko sopo."

Mawu ake anali osavuta. Wadzuka, usaope. Tembenuza kalilole wakumanzere. Wachita bwino. Yesanso. Mpweya m'chipinda chino ndi wochepa, fulumira. Kutsogoloku kuli khomo lotulukira, ndikufikitsa.

Koma pakamwa panga sipanazolowere kulamula munthu wopanda dzina. Ndinkangopezeka ndawonjezera. Wadzuka, mwanawe, usaope. Yesanso, mwanawe.

"Amayi, mwanawe mulibemo."

"Ndiye ndizimutchula kuti chiyani? Iwe, ngati mbuzi?"

Anatumiza choncho kwa anzake. Mawa lake anati asangalala nazo, ndisasinthe. Anapaka mawu anga kachitsulo pang'ono, moti nditawamva akutuluka m'khoma la chipinda choyera chija, ndinamva ngati mayi anga akulankhulira mu mpope. Sindinachite mantha, sindinasangalale. Ndinangoti, kani ndimamveka chonchi.

Mvula yoyamba itagwa, kunabwera asewere anga, mayi a malemu. Anayenda wapansi kuchokera ku Mauwa, atasenza kathumba ka makaka. Anakalamba msanga chaka chimenecho. Tinakhala pakhonde. Anati chinangwacho ndi cha m'munda umene mkamwini wawo anabzala yekha, sakanatha kudya okha.

Ndinaitana mwana wanga. Anatuluka, anagwada patali, anapereka moni wonse bwinobwino, anafunsa za kumudzi. Za mwana sanafunse. Asewere anadikira, kenako ananena okha.

"Kamtsikana kanu kakula, bambo. Kayamba kutunga madzi m'kabotolo. Koma kayamba kuitana atsibweni ake kuti ababa. Timakakonza, koma mwana amaitana amene akumuona. Bwerani. Nyumba ija sitinaikemo munthu."

"Ndamva, amayi. Ndibwera."

Analowa m'chipinda. Asewere anandiyang'ana, ine ndinayang'ana makaka. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndinawakweza kabaza ngakhale ankakana. Pobwerera ndinaima pakhomo pake.

"Upita liti?"

"Ndiona."

"Anthu aja akukufuna."

"Amatero, amayi."

Sabata inatha, inanso inatha. Njinga inali chitsamire khoma, matayala akuphwa. Ine mumtima ndinkawerenga zina: mwana wa zaka zitatu sasunga nkhope nthawi yaitali. Wanga woyamba anaiwala bambo ake atapita kukagwira ntchito kuminda ya tiyi nyengo imodzi yokha, anathawa atawaona. Ndinkadziwa kuti ikatha mvula imeneyi, mdzukulu wanga adzakhala ndi bambo wina m'mutu mwake, ndipo mwana wanga adzakhala mlendo wobwera ndi mabisiketi.

Ndinanena kwa amayi anzanga a mapemphero a Lachinayi kuti tizimupempherera. Anapemphera. Ena anati ndimulande laputopuyo, ndi imene yamumanga. Ndinkadziwa kuti ndikamulanda atsala ndi khoma.

Kenako linafika tsiku lojambula mawu omaliza. Ndinafunda bulangete langa, ndinagwira foni. Iye anayamba kunena, ine kubwereza.

"Wafika, mwanawe. Ili ndi khomo lomaliza."

Ndinabwereza.

"Lowa, latseguka."

Ndinabwereza.

"Tsopano nenani kuti: Kunja kulibe. Ndimakunamiza kuyambira pachiyambi. Ndimangofuna undikonzere chombo. Ntchito yako yatha, sindikukufunanso."

Ndinavundukula bulangete.

"Akunena ndani zimenezo?"

"Inuyo. Mawu aja."

"Kwa mwana yemwe uja?"

"Eya. Akangolowa pakhomopo chitseko chimatsekeka, mpweya umatha. Kenako amadzukanso m'chipinda choyamba, ataiwala. Ndiye kuti zolemba pakhoma zija analemba yekha."

Kunja mbuzi inkadzikanda pakhoma.

"Ndiye nthawi yonseyi ndakhala ndikumunyengerera kuti ndikamuphe?"

"Ndi nkhani chabe, amayi. Pa sewero la Pasaka kutchalitchi pamafunika wina akhale wopereka Ambuye. Sikuti amakhala woipa."

"Amene uja amadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti ndi ndani. Iwe sunandiuze."

"Mukanadziwa, mawu anu akanamveka. Anzanga anati mwanawe uja ndi amene apweteke kwambiri pomaliza."

"N'chifukwa chiyani ayenera kumunamiza?"

"Zimatero. Mawu okoma a pachiyambi ndi amene amakutaya kumapeto. Aliyense wosewera amadziwa. Amangodikira kuti zichitika liti."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse. Amakuyamikira, amati wagwira bwino ntchito, amati njira ndi yoyera." Anakanda pa selotepi ndi chikhadabo. "Kenako umapezeka uli panja ndi chikwama."

Aka kanali koyamba, ndiponso komaliza, kutchula za pansi pa mango paja. Sanakweze mawu. Ananena ngati akundiuza mtengo wa feteleza.

Ndikanakhala mayi wanzeru kapena ndikanamuuza kanthu. Ndinangopinda bulangete, ndinaika foni pathumba.

"Zoti mpweya watha ndinena. Zoti chombo chawonongeka ndinena. Koma munthu amene ndamutcha mwanawe zipinda zonsezi sindimuuza kuti sindikumufuna. Pezani mayi wina."

"Palibe mayi wina. Mawu asiyana."

"Ndiye kaya."

Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya. Anangoti chabwino, natembenukira ku laputopu.

Masiku otsatira sindinalowemo. Ndinkapalira chimanga, kubwera, kuphika, kumuikira pakhomo. Ndinkadzifunsa ngati ndalakwa, poti chinthu chimodzi chimene chinkatilumikiza ndinali nditachidula ndekha. Ndinafunsa Ambuye, sanandiyankhe mwa njira imene ndikanaimva.

Zimene zinachitika m'chipindamo anandiuza pambuyo pake. Anzake anakangana. Wina anati agwiritse makina otengera mawu a munthu kuti anene m'malo mwanga. Mwana wanga anakana, anati mawu a mayi ake sawabera. Wina anati angolemba mawu achinyengowo pakhoma. Anayesa, sizinakome. Tsiku limene analonjeza anthu kuti atulutsa linayandikira, ndipo onse anali atatopa. Mwana wanga anangosiya zinthu mmene zinalili, naitulutsa gemuyo. Khomo lomaliza lotseguka, mawu anga akuti wafika, mwanawe, lowa, latseguka. Ukalowa, kuwala koyera, gemu yatha. Sikuti anasintha maganizo. Anati analibe mphamvu zomangira china.

Patapita masabata angapo anandiitana yekha.

"Amayi, tabwerani mudzaone anthu anu."

Ndinapukuta m'manja, ndinakhala pathumba paja. Anati anthu ena akamasewera amadzijambula n'kuika pa intaneti. Anatsegula vidiyo ina. Pakona panali nkhope ya mnyamata wachizungu wandevu, atavala zomvera m'makutu. Anali atafika chipinda chomaliza. Chitseko chinatseguka, kuwala kunalowa. Ndinamva mawu anga: Wafika, mwanawe. Lowa, latseguka.

Mnyamatayo anaseka, anapukusa mutu, nanena kanthu.

"Akuti chiyani?"

"Akuti, ayi mayi, ndakudziwani."

Anabwerera m'mbuyo. Anayamba kugogoda makoma. Anatembenuza akalilole onse, kuloza kuwala kudenga, pansi, m'makona. Anabwerera mpaka chipinda chimene kamakina kaja kanafera, anakasuzumira pansi pake. Anabweranso pakhomo, anaima pafupi penipeni, osaponda. Mwana wanga anali ataika kuti munthu akachedwa mawu azibwereza. Ndiye ndinkangodzimva: Lowa, latseguka. Lowa, latseguka.

"Akufuna chiyani?"

"Khomo lenileni. Akuganiza kuti ili ndi msampha."

"Liliponso lina?"

"Palibe."

Anatsegula vidiyo ina, ya mtsikana wa tsitsi lofiira. Chimodzimodzi. Ina, bambo wamkulu ndithu, wadazi. Ameneyo anakhala pakhomopo nthawi yaitali moti mwana wanga anachita kuthamangitsa vidiyo. Pomaliza bamboyo anazimitsa gemu osalowa, nalemba m'munsi kuti yawonongeka, mapeto ake sakupezeka. Anati ambiri analemba zomwezo. Ena analowa mwangozi, ena analowa atatopa, ndipo atapeza kuti panalibe msampha anakhala duu, osadziwa kuti aseke kapena atukwane.

Ine zinandinyansa, ndisabise. Munthu ndamuyendetsa zipinda zonsezo, sindinamunamizepo ngakhale kamodzi. Ndikati kumanzere, kunalidi kumanzere.

Tinabwerera kwa wandevu uja, amene anali akadazungulira.

"Muuze alowe," ndinatero.

"Sangandimve, amayi. Zinajambulidwa kale."

"Ndiye akudikira chiyani?"

"Akudikira kuti mumunamize."

"Adikira mpaka liti?"

Tinakhala choncho, tikuyang'ana munthu wa kutsidya kwa nyanja akugogoda khoma lopanda kanthu, khomo lili pambali pake. Mawu anga anabwerezanso. Mwana wanga anachepetsa voliyumu, koma sanatseke. Anaonera mpaka kumapeto. Ine ndinatuluka kukaanula zovala, poti kunkabwera mvula.

Sindinanene kanthu tsiku limenelo, kapena mawa lake. Ndinalibe choti ndiwonjezere, ndipo ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa ndisanduka mawu a m'khoma.

Loweruka m'mawa ndinamva phokoso la pampu. Ndinasuzumira. Anali atagwada pafupi ndi njinga, akupopa tayala lakutsogolo. Lakumbuyo linali lobooka, anachita kukamatitsa kumsika. Atabwera anaima pakhomo la khitchini.

"Mawa mukapemphera kuno?"

"Bwanji?"

"Ndimati mwina mukapemphere ku Mauwa."

Ndinati chabwino. Ndinakazinga mtedza, ndinaphika chigumu. Manja ankagwira ntchito okha.

Mawa lake anandikweza pakaliyala. Msewu unali woterera, malo ena tinkatsika n'kumakankha. Malo ena ankati ndigwiritse. Kutchalitchi sitinafikeko, tinachedwa ndi matope, ndipo ndikhulupirira Ambuye anamvetsa.

Titafika pa mango paja anatsika, naima. Nyumba yake inali pomwepo, chitseko chotseka, udzu utamera pakhonde, koma pabwalo panali posesa. Anagwira mahandulo a njinga ndi manja onse awiri. Ndinaona mapazi ake ali m'malire mwa bwalo, pamene tsache linalekezera. Ndinayang'ana kumbali.

Asewere anatulukira kuseri kwa nyumba yawo ndi nkhuni. Anaziponya pansi.

"Mwaimiranji pamenepo ngati wogula nkhuku? Fikani, bambo."

Anaima pang'ono. Kenako anakankha njinga, naitsamiritsa pamtengo.

Asewere anamupatsa mpando. Anaitana mwana. Mwanayo anatuluka atavala diresi imene ndinaizindikira, yosokedwa kuchokera ku nsalu ya mayi ake. Anali atatalika. Anatiyang'ana tonse awiri, nabisala kumbuyo kwa anganga ake.

"Ndi ababa ako awa. Pita ukawapatse moni."

Sanapite. Asewere anamutuma madzi. Anabwera nawo m'kapu yapulasitiki, atagwira ndi manja awiri, theka litatayikira m'njira. Atafika patsogolo pa bambo ake anagwada, monga anamuphunzitsira kugwadira alendo, napereka kapu akuyang'ana pansi.

Mwana wanga analandira. Anamwa onse, ngakhale munali kachitsotso. Anati, "Zikomo, mayi." Mwanayo analanda kapu n'kuthawa.

Palibe analira. Asewere anafunsa za chimanga chathu, ine ndinafunsa za chawo. Atsibweni a mwana anabwera, anapereka moni, anakambirana ndi mwana wanga za foni yawo imene inasiya kutchaja. Anaitsegula pomwepo ndi kampeni. Akugwira ntchitoyo, kamtsikana kanabwera pang'onopang'ono, kanaima patali ngati mkono, kakuyang'ana tizitsulo ta m'kati. Iye sanakayang'ane. Anangotambasula dzanja, nati, "Tandigwirira aka." Kanagwira kasikuluwu m'chikhatho, osasuntha, mpaka anakapempha. Sikanamutche dzina lililonse tsiku limenelo.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Pa chitunda china tinatsika kuti tikankhe.

"Sanandidziwe," anatero.

"Ayi."

Tinayenda pang'ono.

"Foni ija ikufunika batire lina. Ndibwera nalo Loweruka."

"Ubwere nalo."

Anapitadi, yekha. Ndi Loweruka linalo. Panopa anabwerera pakamsika kaja, amachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo, ndipo mwanayo amagona kwa anganga ake koma amadya kwa bambo ake masana akaweruka ku mkombaphala. Amawatcha ababa, ndipo atsibweni akenso amawatchabe ababa. Palibe amene akulimbana nazo.

Laputopu anaitenga. Bulangete lija ndimafundabe. Mnzanga woyandikana naye uja mpaka lero akandiona amafunsa ngati sopo wake ali m'njira.

Tsiku limene ankalongedza ndinamufunsa chinthu chimene chinkandivuta.

"Kodi amene alowa pakhomo paja, kunjako amapezako chiyani?"

"Palibe, amayi. Kuwala basi. Sindinamangeko."

"Udzamanga?"

Anamanga chikwama pakaliyala ndi lamba wa chubu, anakoka kawiri kuona ngati chagwira.

"Kaya," anatero. "Nthawi ikusowa masiku ano."

Ndinamupatsa mtedza wa mwana, ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Nditabwerera ndinasesa m'chipinda muja, ndinabwezeramo matumba a chimanga, ndinagwada pomwepo n'kuthokoza.